Gitala imodzi, laputopu imodzi: kajambulidwe ka nyimbo zoyandama ngati nkhungu ya pa Chawe

Chiyambireni kutumizira anzanga tinyimbo timene ndimajambula usiku kwathu ku Matawale, ku Zomba, funso limakhala lomwelomwelo: "Akulu, kiyibodi imeneyi ndi ya mtundu wanji?" Ndikayankha kuti mulibe kiyibodi, ndi gitala yomwe ija ndimaimba kutchalitchi Lamulungu, amandiyang'ana ngati ndawapusitsa. Kenaka amafuna ndiwafotokozere. Ndafotokozapo pa depoti, ndafotokozapo kuseri kwa tenti ya ukwati ku Chinamwali, anyamata a ku Chanco ndiye sindingawerenge. Pakamwa patopa. Ndalemba kamodzi pano kuti wofunsa ndizingomulozera.

Njirayi si yanga. Amene anaitchukitsa ndi Robert Fripp, woimba gitala wa ku England wa gulu la King Crimson. Gululi linkaimba progressive rock, kutanthauza rock ya nyimbo zitalizitali zosinthasintha kayendedwe, zosatsata vesi ndi kolasi monga tinazolowera. Mu 1972 Brian Eno, woimba mnzake wa ku England komweko, anamuonetsa Fripp kalumikizidwe ka makina awiri a tepi a Revox. Tepi imodzi inkachoka pa makina oyamba, amene ankajambula, n'kukadutsa pa achiwiri, amene ankaliza zomwe zajambulidwazo n'kuzibweza kwa oyamba aja kuti zijambulidwenso pamodzi ndi zatsopano. Mtunda wa pakati pa makinawo ndiwo unkalamula kuti liwu lidzabwerera pakapita masekondi angati, ndipo ulendo uliwonse linkabwera lofookerako. Awiriwa anatulutsa chimbale cha (No Pussyfooting) mu 1973. Pambuyo pake Fripp anayamba kuchita yekha, njirayo n'kutchedwa Frippertronics, ndipo mu 1979 ankayenda nawo makinawa m'masitolo ogulitsa zimbale ndi m'timalo ting'onoting'ono, kuimba payekha popanda ng'oma kapena besi. Chimbale chake cha Let the Power Fall cha mu 1981 ndi cha zimenezi zokhazokha.

Lero ntchito ya makina awiri aja ikugwiridwa ndi kapulogalamu ka mu laputopu. Chovuta chinatsala pomwe chinali: zala zanu ndi mtima wanu. Ndidzakhalitsa pamenepo tikafika pa nambala 6.

1. Mverani kaye

Pezani chimbale cha mu 1981 chija, muvale mahedifoni, mumvere nyimbo imodzi yonse osagwira foni. Musafunefune kolasi, mulibe. Tcherani khutu pa noti yoyamba, muwerenge chamumtima mpaka itabweranso, kenaka muone kuti woimbayo akudikira nthawi yaitali bwanji asanaikepo ina. Ena amagona pa mphindi yachitatu, ndipo si mlandu. Koma ngati simungapirire kumvera mphindi 10, simudzapirira kuziimba.

2. Zipangizo

Gitala yamagetsi iliyonse yosataya tchuni. Laputopu, ngakhale yakale. Kabokosi kolumikizira gitala ku kompyuta, kotchedwa audio interface, kolowa pa USB. Ka khomo limodzi n'kokwana. Mahedifoni a chingwe, osati a Bluetooth, chifukwa amenewo amachedwetsa mawu. Ampu siyofunika.

Pa pulogalamu ndimalangiza Reaper. Ndi yopepuka, amalola kuiyesa masiku 60, ndipo imabwera ndi delay yakeyake yotchedwa ReaDelay. Ambiri amathamangira Audacity poti ndi yaulere. Audacity ndi yabwino podula ndi kusoka zojambula, ilinso ndi Echo yoika pa zomwe mwajambula kale, koma njira yathuyi imafuna kuti muzimva kubwerera kwa mawu nthawi yomwe mukuimbayo, kuti muziyankhana nawo. Kuimba kaye n'kudzaika eko pambuyo kuli ngati kuvina ng'oma isanalire.

Musadikire zida zodula. Chimbale cha Zomba Prison Project chinajambulidwa m'ndende ya m'tauni mwathu muno, osati m'situdiyo, ndipo chinafika popikisana nawo pa mphoto za Grammy mu 2016.

3. Thanani ndi kung'ung'udza kwa magetsi musanachite china chilichonse

Magetsi athu amayenda pa 50 Hz, ndipo mapikapu a gitala (timaginito totola kunjenjemera kwa nsambo), makamaka opyapyala aja a single coil, amatola kaphokoso kake: hmmmm. Pa ukwati palibe amakamva chifukwa ng'oma zimakaphimba. Muno kamalowa mu delay, n'kubwerera, n'kukumana ndi kena kongolowa kumene, mpaka pakutha kwa mphindi ziwiri chipinda chadzaza njuchi.

Zulani chaja, laputopu iyendere batire. Izi zokha zimachotsa phokoso lambiri, komanso magetsi akathima pakati pa nyimbo simutaya kanthu. Khalani kutali ndi filiji ndi mababu aatali aja. Foni muitchere ngati muli m'ndege, apo ayi pikapu idzajambula kutetera kwake pamene uthenga ukulowa. Kenaka kwezani voliyumu, muzungulire pang'onopang'ono pampando gitala ili m'manja. Pali mbali ina imene phokosolo limatsika. Yang'anani komweko ngakhale kukhale kukhoma. Ngati gitala yanu ndi ya mapikapu atatu, yesani kuika siwichi pakati pa awiri; pa magitala ambiri phokoso limazimirira pamenepo. Kunena zoona, nyimbo zanga zoyera kwambiri ndinazijambula tsiku limene dera lonse linali mumdima.

4. Konzani delay

Mawu atatu ofunika kuwasiyanitsa. Delay ndi kubwerera kwa liwu pakapita nthawi yomwe mwaika. Eko imene a zokuzira mawu amathira pa maiki ya mlaliki ndi delay yomweyo, koma yaifupi, yosakwana ndi sekondi. Feedback ndi gawo la liwu lobwereralo limene likulowanso kuti lizungulire kachiwiri. Reverb ndi kulira kwa chipinda, monga umamvera ukaomba m'manja m'tchalitchi chachikulu chopanda anthu.

Mu pulogalamuyo tsegulani njira imodzi yojambulirapo (track), muikepo delay, kenaka reverb pambuyo pake. Nthawi ya delay ikhale masekondi 6, omwe pulogalamu imawalemba kuti 6000 ms. Pansi pa masekondi 3 khutu limayamba kumva kugunda ngati kwa ng'oma, ndiye kuyandama kuja kumatha. Pamwamba pa 10 woyamba kumene amaiwala zomwe anaikamo.

Feedback yambirani pa 85 peresenti. Ngati pulogalamu yanu ikulemba mu dB, muyeso wa kukula kwa mawu, 85 peresentiyo ndi pafupifupi -1.4 dB, -3 dB ndi cha m'ma 70 peresenti, -6 dB ndi theka. Onani masamu ake, chifukwa ndi amene amalamula zonse. Pa 85 peresenti, noti ikazungulira ka 10 imakhala itatsala ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu yake. Maulendo 10 a masekondi 6 ndi mphindi yathunthu. Choncho chilichonse chimene mwakhudza chidzakhala nanu m'chipindamo mphindi imodzi kapena kuposa. Pa 70 peresenti chimafika pofooka chomwecho pa maulendo 5 okha, theka la mphindi.

Musaike pa 100. Aliyense amayesa, nanenso ndinayesa. Palibe chimene chimafa, zatsopano zimangounjikana pa zakale, ndipo mukapitirirako pang'ono phokoso limadzikulitsa lokha mpaka kukuboolani makutu. Walira mvula walira matope. Mahedifoni akhale otsika pamene mukuyesa izi.

Delay yanu ikakhala ndi highpass ndi lowpass, zosefera mawu apansi ndi apamwamba, dulani zapansi pa 120 Hz ndi zapamwamba pa 5000 Hz. Tepi ya Fripp inkachita zofanana ndi zimenezi yokha, kufafaniza liwu pang'ono ulendo uliwonse, n'chifukwa chake zakale zinkamveka ngati zikupita kutali. Kompyuta imabweza liwu lakuthwa monga linalowera, ndiye muyenera kulifewetsa dala.

Mukamajambula, mita isamafike pofiira. Gitala yokha izifika cha pa -18 dB, chifukwa mitolo ikaunjikana idzakwera yokha.

5. Bisani kukodola kwa nsambo

Ife tinakulira gitala ya rumba ndi ya nyimbo zauzimu, imene kukoma kwake kuli pa kukodola kwa nsambo, twi twi twi. Muno kukodolako n'kumene kumaulula kuti ndi gitala, ndipo kukabwerera ka 10 kumatopetsa. Tsekani voliyumu ya pa gitala, kodolani nsambo muli chete, kenaka mutsegule pang'onopang'ono ndi kachala kakang'ono ka dzanja lamanja. Liwu limatuluka lopanda mutu, ngati la kaligo pamene uta ukukhudza nsambo. Musanachotse chala pa fureti tsekaninso, apo ayi kukwekwesa kwa chala kudzalowa nawo n'kumakuchezerani mphindi yonse.

Sabata yoyamba kachala kamakana. Pitirizani, mphindi 10 tsiku lililonse, delay ili yozimitsa. Wokhala ndi pedulo ya voliyumu achite ndi phazi. Kulinso kachipangizo kotchedwa EBow, kogwira m'manja, kamene kamanjenjemeretsa nsambo ndi maginito osaikodola, koma ndi kachala komweko mufika.

6. Muimbe chiyani, ndipo liti

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangoti "kenaka imbani zakukhosi", n'kudumphira pa za mix, kusakaniza zojambulidwa. Koma apa ndi pamene anthu 9 mwa 10 amene ndinawakhazika pampando wanga anagwera. Sindikunena chiwerengero cha kafukufuku, ndikunena alendo a m'nyumba mwanga. Delay ikangoyankha koyamba amasangalala, zala zimayamba kuyabwa, amathiramo makodi, amathiramo lidi ya sebene, ndipo pasanathe masekondi 40 zonse zasanduka phala. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Pa bandi, noti yolakwika imadutsa, anthu n'kuiwala. Muno imabwerera pakapita masekondi 6, imabwereranso, ndipo imakumana ndi noti iliyonse imene mudzaimbe m'mphindi ikubwerayo. Ndiye funso si lakuti noti iyi ikugwirizana ndi yomwe yangotha. Funso ndi lakuti ikugwirizana ndi zonse zomwe zikadali moyo.

Amene munadutsa m'kwaya muli ndi mwayi, chifukwa solofa imalongosola bwino. Yambani ndi manoti asanu okha: do, re, mi, so, la. Siyani fa ndi ti. Chifukwa chake n'chakuti fa ali pafupi kwambiri ndi mi, fureti imodzi yokha, ndipo ti ali chimodzimodzi ndi do. Manoti oyandikana chotero akalira pamodzi amakangana. Asanu enawo mungawasanjike mulimonse, sadzamenyana. Mu kiyi ya D ndiwo D, E, F#, A ndi B.

Tsopano ndondomeko yake. Imbani do mmodzi, wapakati pa gitala, wotalika masekondi 3 kapena 4. Chotsani dzanja. Mumve akubwera koyamba. Mumvenso kachiwiri. Pokhapokha apo muikepo so, ndipo musamuike pomwe do akuyambira. Muikeni pa mpata umene do wasiya, kuti azilandizana ngati amayi awiri pa mtondo umodzi. Dikiraninso maulendo awiri. Ikani re wapamwamba. Dikirani. Pofika apa patha pafupifupi mphindi, mwaimba manoti atatu okha, ndipo do woyamba uja wayamba kufooka. Mwina mumutsitsimutse pomuimbanso, mwina mumuleke afe n'kulola la alowe m'malo mwake. Mukamuleka, mudzamva nyimbo yonse ikupendekera kuchisoni popanda inu kusintha kodi iliyonse. Kusintha kwa nyimbo zimenezi kumabwera choncho: osati pa zomwe mwawonjezera zokha, komanso pa zomwe mwalola kuti zife.

Lamulo limene ndimapatsa aliyense woyamba: manoti amoyo asapitirire asanu pa nthawi imodzi, ndipo pakati pa noti ndi inzake dzanja lamanja lizikhala pa bondo. Pa bondo penipeni, osati pamwamba pa nsambo. Likakhala pafupi limaba. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Samalani nsambo ziwiri zikuluzikulu zija. Manoti apansi ndi amene amapanga matope msanga. Mmodzi yekha wapansi ndi wokwana pa nthawi, ena onse akhale pakati ndi pamwamba, motalikirana. Ganizani za kwaya: besi mmodzi amanyamula anthu ambiri, koma mabesi anayi oimba manoti osiyana amangomveka ngati galimoto ya matani 7 ikukwera msewu wa ku Chawe.

Nanga mukalakwitsa? Musaime, ndipo musayese kuphimba cholakwacho ndi manoti ena ambiri, ndiko kuthira mafuta pamoto. Pali njira ziwiri. Yoyamba, tsitsani feedback kufika pa 50 peresenti kwa maulendo awiri kapena atatu. Zonse zidzaphwera pamodzi ndi cholakwacho, kenaka mukwezenso n'kumanga pa zotsalazo. Yachiwiri, imene ndimaikonda: mverani noti yolakwikayo ikabwerera. Nthawi zina fa wolowa mwangozi, akafooka pang'ono, ndi amene amapatsa nyimbo mchere. Akatero, lekani kuimba mi, mumupatse malo mlendoyo. Mukazolowera mudzayamba kumuitana dala, koma osati mwezi woyamba.

Za lidi. Fripp nthawi zina ankaimba lidi pamwamba pa zozungulirazo. Mukafuna kutero, tsegulani njira yachiwiri yopanda delay yaitali ija, kuti lidiyo isalowe m'chizungulire. Ndipo funsani kaye ngati ikufunika. Mwa nyimbo zanga zimene ndinaikamo lidi, zambiri ndinadzaichotsa m'mawa mwake nditamvera ndi makutu opuma.

Tchunani gitala musanayambe nyimbo iliyonse, osati kamodzi pa usiku. M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikatsika m'phirimu, nsambo zimasuntha pakati pa nyimbo ndi inzake, ndipo noti yotsika pang'ono ikakumana ndi inzake yolondola mumamva wawawawa wosatha.

7. Kutsiriza

Nyimbo yotereyi siitha ndi kodi yomaliza. Mumangoleka kuidyetsa. Tsekani voliyumu ya gitala, khalani phee, muilole izungulire mpaka itazimirira. Pa 85 peresenti zimenezi zimatenga mphindi ziwiri kapena kuposa, ndipo chala chimafuna kudina stop. Musadine mpaka mita itagona. Mchira umenewo nthawi zambiri ndi umene anthu amaukonda. Ukatalika mudzaudula pambuyo, koma umene simunajambule simungaubweze.

Pamene mukuimbapo, muzijambulanso gitala youma, yopanda delay, pa njira yakeyake. Tsiku lina mudzafuna kusintha reverb osaimbanso.

8. Mawu a kuno kwathu

Apa ndi pamene tingasiyane ndi a ku London. Iwo alibe mvula ya mu January pa malata, alibe achule a m'mbali mwa Likangala, alibe mphepo ya m'mapaini a pamwamba pa phiri. Foni ndi yokwana. Ivekeni sokosi kumaiki kuti mphepo isawombemo, muiike pa mwala osati m'manja, mujambule mphindi 5 osayenda.

Cholakwa chofala ndi kupita pafupi ndi mathithi. Mukaima pansi pa Williams Falls mudzabwera ndi shiii wangati wailesi yosowa siteshoni. Tsikirani kumunsi, pamene Mulunguzi akudutsa pa timiyala, madzi akulankhula limodzilimodzi. Pitani m'mamawa pakati pa sabata, njinga zamoto ndi magalimoto a matabwa zisanayambe. Mumsika kapena pafupi ndi nyumba zopemphereramo, pemphani kaye. Mawu a munthu ndi ake.

Poika m'nyimbo, tsitsani mpaka womvera azikayika ngati mvulayo ili m'mahedifoni kapena panja. Ndipo isalowe mu delay, pokhapokha mukufuna chule mmodzi alire ka 10 pamalo amodzimodzi.

9. Kusankha za m'chimbale

Jambulani zambiri, sungani zochepa. Ine ndimajambula usiku, osamvera mpaka patatha sabata. Zimene zinkaoneka zodabwitsa 1 koloko ya usiku zambiri zimapezeka kuti kunali kugona chabe. Chimbale cha mphindi 35 mpaka 45 n'chokwana. Zimbale zakale zija mbali imodzi inkatenga mphindi pafupifupi 20 zokha, ndipo khutu la munthu silinakule chiyambire. Musasanjike nyimbo ziwiri za kiyi imodzi motsatizana, zidzamveka ngati imodzi yosatha. Yoyamba ikhale yaifupi, ya mphindi 4 kapena 5, kuti mlendo alowe. Yaitali kwambiri ikhale kumapeto.

Mukapita nazo ku situdiyo kuti akazimalize, muwauze poyera kuti asazikweze ngati nyimbo ya dansi. Wina amene ndinamupatsa ntchitoyi koyamba anazipanikiza mpaka zofooka zonse zinafanana ndi zamphamvu, mchira uja unasanduka mkokomo, ndipo kung'ung'udza kwa magetsi kumene ndinalimbana nako kunadzuka. Sanalakwe mwadala, anachita zomwe amachita tsiku ndi tsiku.

10. Kuzitulutsa

Sungani WAV, fayilo ya mawu yosapanikizidwa, ngati mbewu yanu, m'malo awiri osiyana. Ndi yolemera, pafupifupi 10 MB pa mphindi, ndiye yotumizira anthu ikhale mp3 ya 320 kbps, imene imadya cha m'ma 2.4 MB pa mphindi. Pa WhatsApp tumizani ngati document kuti ifike monga ilili. Kalembetseni nyimbo zanu ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, musanazimwaze, chifukwa nyimbo zopanda mawu ndi zimene opanga mavidiyo amakonda kutola n'kuika pansi pa zithunzi zawo.

Musanatumize kwa aliyense, imvereni pa sipika ya foni, poti ambiri adzamvera pamenepo. Sipika imeneyo siitulutsa manoti apansi. Ngati do wanu wapansi uja wasowa ndipo nyimbo yatsala yopanda msana, bwererani mukaimbenso do yemweyo pamwamba pake, mofooka, pa njira ina. Ndipo pa uthenga wotumizirawo lembanipo kuti avale mahedifoni, komanso kuti masekondi 20 oyambirira ndi achete dala, foni yawo sinawonongeke.